Golden Akhoza Mayeso a Maloko

Pulani inabadwira pa shabini ya Mayi Ennie ku Biwi, Lachisanu masana, chibuku chachitatu chitangotsegulidwa. Mwini pulaniyo anali Golden, amene anzake ankamutcha Pulofesa pomunyogodola. Mkuluyu JC inamukana katatu, ndipo chibadwire panalibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe amene anamuuzapo kuti wakhoza. Dzinalo ankaliyankha, koma linkamuwawa.

"Magaye, tamverani dilu," anatero Golden. "Yunivesite yatsopano ija ya ku Area 25 yalandira makompyuta. Mawa Loweruka, ana asukulu kulibe. Tivala madasitikoti, tikanena kuti makinawo agwidwa mavairasi, tikukawachiza ku tauni."

"Vairasi imagwiranso chitsulo?" anafunsa Clifford, wotchedwa Bawuti chifukwa cha kuuma mutu.

"Aise, ino ndi 2007. Mafunso akumudzi usiye."

Kassimu Handibuleki, mwini pikapu yolira mochita kukankha, anangokweza chibuku nkuti bho.

Mawa lake zonse zinayenda mwa myaa. Mlonda wa pageti ataona madasitikoti oyera anamenya sawasha, nkuwalozera chipinda cha makompyuta, nkupemphanso kuti pobwerera amuonereko foni yake. Kassimu anatsala m'galimoto. Bawuti anayamba kuzula mawaya kumbuyo, Golden nkulunjika kutsogolo kumene kompyuta imodzi inali yoyaka.

Ankangofuna kuizimitsa, koma pagalasi panali kabokosi kopempha dzina. Munthu wakufunsa dzina mwaulemu, ungamukanize? Ndi chala chimodzi analemba GOLDEN. Pompo panatuluka zithunzi za maloko atatu, ndi funso lakuti wosavuta kuthyola ndi uti.

Golden anaseka chikhakhali. Funso limeneli akufunsa iyeyo? Anakankha kambewa ka kompyutayo nkudina loko wapakati. Makina anaomba m'manja, nyenyezi zinathwanima pagalasi, mawu okoma a mzimayi nkuti, "Well done, Golden!"

Mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zinayi anaiwaliratu zoizimitsa. Anakoka mpando nkukhala.

Funso lachiwiri linali la polowera mbava m'sitolo, pakhomo, pawindo kapena padenga. Padenga, nanga nkuchitanso kufunsa? M'manja munaombedwanso. Lachitatu, lachinayi, lachisanu, mnyamata akungokolola nyenyezi.

"Pulofesa, tiyeni tivaye!" anatero Bawuti, kompyuta ili pamutu ngati mtolo wa nkhuni.

"Usandisokoneze, ndili m'kalasi."

Chimene akatswiri athuwa sanafufuze nchakuti Loweruka ndilo tsiku la ophunzira apantchito. Kuseri kwa khoma lomwelo kunakhala apolisi makumi atatu ochita maphunziro a chitetezo cha katundu. Mphunzitsi wawo, Mayi Keziah, ankawaonetsa pakhoma mmene mafunso apakompyuta amayendera asanapite kukadziyankhira okha. Wophunzira akadina yankho, limaonekera pakhomapo, pamodzi ndi nkhope yake yojambulidwa ndi kakamera kokhala pamwamba pa galasi. Ndiye pakhoma panatulukira chinkhope cha Golden, lilime lili panja, kumbuyo kwake Bawuti akudutsa ndi katundu pamutu.

"Uyu si Golden wa ku Biwi uyu?" anakuwa Sajeni Greenwell akudzuka.

"Khalani kaye pansi, bambo," anatero Mayi Keziah. "Sabata yatha papepala palibe wa inu anapitirira sikisi. Uyu ali pa eyiti. Msiyeni amalize."

Pa funso lachisanu ndi chinayi makina analira moipa nkulemba chizindikiro chofiira. Golden anadzambatuka, nkuyamba kukalipira galasi mokweza mpaka mawu kudutsa khoma.

"Bodza! Mabagala saadula ndi sowo, sowo imasokosa! Umangolowetsa jeke ya galimoto pakati, zitsulo zimakhadzuka zokha! Funsani aliyense ku Kawale!"

Apolisi makumi atatu anawerama nkulemba m'makope.

Pamene makina ankaombera m'manja yankho lomaliza, chitseko chinatseguka, apolisi nkulowa ndi mphunzitsi wawo. Bawuti anayesa kutulukira pawindo nkukakamira m'mabagala, jeke ili kutali. Kassimu ataona mayunifolomu anapotokola kiyi, koma pikapu yolira mochita kukankha imafuna okankha, ndipo okankhawo anali kale m'manja mwa apolisi.

Golden yekha sanavute. Anapereka manja kwa Sajeni Greenwell maso ali kwa mphunzitsi.

"Madamu, pepani. Ndapeza zingati?"

"Naini pa teni, bambo. Ndinu nambala wani. Ndipo funso lija alakwa ndi makina, inu munakhoza."

Misozi inalengeza m'maso mwa mbava. "Mungandilembereko papepala? Amayi anga ali ku Chilinde, akaoneko."

Mayi Keziah anadina batani, pepala nkutuluka lili lofunda, dzina la Golden lili pamwamba. Pokwera galimoto ya polisi, Bawuti ankatukwana, Kassimu akulirira pikapu yake. Golden anakweza manja omangidwawo m'mwamba.

"Bwana, kankhani pang'onopang'ono," anatero. "Mundikwinyira satifiketi."