A Gogoda ndi Firiji Yawo ya ku Joni

Pa Nsipe panalibe chinthu chimene a Paison Ngozo anachidutsa osachigogoda. Dzungu pamsika, tayala la njinga, khoma la nyumba ya eni ake, zonsezi zinalawa kanyundo kamene kankakhala m'thumba la jekete lawo. Amati go, go, go, kenako n'kutchera khutu atatsinzina. Dzina loti Paison linatsala pa chiphaso chokha, anthu onse ankangoti a Gogoda.

Khalidweli anabwera nalo kuchokera ku Joni. Kumgodi ntchito yawo inali yotsogola ndi chitsulo chachitali, kugogoda denga la mwala n'kumvetsera. Likalira bwino, anthu alowe. Likalira ngati ng'oma yobooka, aliyense atuluke. Mgodi anausiya kalekale, koma khutu linakana kupuma pantchito.

Wosenza manyazi anali mkazi wawo, mayi Mervis. Tsiku limene Chrispin anabwera kudzaonekera kuti akufuna mwana wawo Tikondwe, mnyamatayo atagwada bwinobwino, anangoona bambo afika pafupi n'kumugogoda pachifuwa ndi chala.

"Abambo a Tikondwe, mlendotu ameneyo!" anatero mayi Mervis, chitenje chili kukamwa.

"Mlendo ndiye wofunika kumumva. Uyu ali bwino, mulibe mphako. Kumutu kokha ndiye sindinafikeko."

Tisanamizane, khutu lija linkaphonya ndithu. Benchi ya kwaya imene anaivomereza Loweruka inathyoka Lamulungu, amayi a alito ali pakati pa nyimbo. A Gogoda sanatekeseke. "Pamene ndimaigogoda inali bwino," anatero. "Inu mwaikhalira molakwika."

Koma chikondi chawo chachikulu chinali firiji. Anaigula pa lole ina yochokera ku Joni imene inafera pamsewu waukulu, dalaivala akugulitsa katundu kuti apeze chitsulo cha galimoto. Inali yakale kale pofika, yachikasu ngati dzino la wosuta fodya, mwendo umodzi itasiya kwawo. A Gogoda anaigogoda mbali zonse n'kulengeza kuti iyi idzaika maliro a tonse.

Mayi Mervis ankaitcha mkazi mnzawo, ndipo sankaseka ponena. M'mawa bambo ankayamba kupukuta firiji asanafunse ngati mayi adzuka bwanji. Ikayamba kulira, mbale za pamwamba pake zinkavina mpaka kugwa. Chitseko chinkamangidwa ndi mphira wa chubu, mwendo wosowa uja unali njerwa, ndipo ukaigwira wopanda nsapato inkakumenya shoko yoti uitane dzina la malemu agogo ako. A Gogoda anaika thabwa patsogolo pake loti anthu aziimapo.

"Sikuti imaluma," ankatero. "Imangofuna ulemu."

Cosmas, wokonza mafiriji pamsika, anaikonza kambirimbiri mpaka mkazi wake anayamba kumufunsa ngati kwa a Ngozo kuli mtsikana wina.

Zonsezi zinali zoseketsa mpaka mayi Mervis atapezeka ndi matenda a shuga. Kuchipatala anawapatsa mankhwala obaya a m'kabotolo, ndipo anamwino ananenetsa kuti asatenthedwe, chifukwa akatenthedwa amasanduka madzi chabe. Tikondwe anabwera kuchokera ku Lilongwe nkhope ili gwa.

"Ababa, ine ndi a Chrispin tigula yatsopano. Iyi yakalamba."

A Gogoda anatulutsa kanyundo. Go, go, go. "Wamva? Mtima wake ndi wa mnyamata. Zatsopanozi n'zigubu zopaka penti."

"Moyo wa amayitu uli m'menemo."

"N'chifukwa chake ukhale mwa amene ndikumudziwa."

Mwezi wa Okutobala unafika ndi dzuwa lake. Firiji inkalira mokweza kuposa kale, koma m'kati munali mofunda ngati m'khwapa. Mayi Mervis anazindikira msanga, pakuti batala ankayenda yekha m'mbale. Anachita mantha, inde, koma kuwauza bambo kunawalemera. Munthu ameneyu ku Joni anabwerako ndi chifuwa, wailesi imene inafa kale, ndi khutu lakelo basi. Kumuuza kuti khutu lanama kunali kumulanda zonse.

Ndiye anachita zimene anamva kwa mayi wina pamzere wa kuchipatala. Anathira mchenga wonyowa mumtsuko, n'kukwiriramo kabotolo kaja m'kachitini, n'kuika mtsukowo kuseri kwa chitseko. M'firiji anasiyamo kabokosi kopanda kanthu. Akafuna kubaya, amayamba aima pa thabwa, kumasula mphira, kutsegula ndi kutseka mwaphokoso kuti bambo amve, kenako n'kuzemba kupita ku mtsuko.

Anaiwala chinthu chimodzi, choti anakwatiwa ndi ndani. Masana ena a Gogoda akufunafuna chipewa anaona mtsuko wachilendo kuseri kwa chitseko. Go, go, go. M'katimo china chake chinayankha kuti ngwee.

Mayi Mervis pochokera kudimba anawapeza atakhala pansi, kabotolo kali m'manja.

"Amake Tikondwe, mwayamba liti?"

"Dzuwa litangoyamba kuwawa."

"Osandiuza?"

"Ndikanayamba ndi mawu ati, bambo?"

A Gogoda anabwezera kabotolo mumchenga mosamala. Anaima pa thabwa lija, n'kugogoda firiji kamodzi kokha, ndipo anamvetsera kwa nthawi yaitali. Kenako anakweza mawu amene mayi Mervis anali asanawamvepo, mawu a pansi pa nthaka.

"Aliyense atuluke!"

M'firijimo munatuluka tomato, thobwa ndi kabokosi kopanda kanthu kaja. Cosmas atamva anathamanga ndi zida zake, nati akaisintha mtima n'kuthira gasi mwina ikhoza kukankha chaka china.

"Mwina?" anafunsa a Gogoda. "Pa mwina sindilowetsapo munthu."

Madzulo ake mayi Mervis anawafunsa mwakachetechete ngati firijiyo inaliradi mosiyana.

"Ayi, inalira ngati masiku onse," anayankha. "Koma kumgodi sanandilembe kuti ndizisangalatsa mwala. Anandilemba kuti anthu azibwerera kwawo amoyo."

Ku boma, m'sitolo ya mafiriji, Tikondwe analakalaka nthaka itang'ambika. Bambo ake anagogoda yoyamba mpaka yomaliza, wogulitsa akuwalondola m'mbuyo manja ali m'mutu. Imene anasankha itafika kunyumba, anaiyatsa, natchera khutu, koma sanamve kanthu.

"Iyi ili ngati mkamwini watsopano," anadandaula. "Ikugwira ntchito, koma sudziwa chimene ikuganiza."

Yakale ija sanalole kuti ichoke. Anaigoneka chagada pakhonde, nachotsa waya, n'kuisandutsa mosungira mbewu ya nyemba ndi chimanga. Makoswe a pa Nsipe anathyokera mano pamenepo, ndipo a Gogoda ankauza aliyense wodutsa kuti firiji yawo sinafe, yangosintha dipatimenti.

Chifuwa cha kumgodi chija chinawatenga m'nyengo yozizira yotsatira. Ali pa bedi la kuchipatala anadzigogoda okha pamtima, namwetulira, n'kuuza mkazi wawo kuti denga ili ndiye latopa ndithu, koma inu muli panja, palibe chodandaula. Chrispin atapita kukasankha bokosi kwa kalipentala, anthu anamuona akugogoda thabwa lililonse ndi chala, misozi ili mbwee. Palibe anaseka, ngakhale onse ankadziwa kuti eni ake akanaseka.

Masiku ano pa Nsipe maungu amagulidwa osafunsidwa, ndipo mabenchi amathyoka popanda womuloza chala. Msika ndi womwewo, koma china chake chinachepa, ndipo timawasowa. Mayi Mervis ali bwino, thupi linabwerera, mbewu ya m'firiji yakale inamera yonse chaka chino. Kanyundo kaja kamakhala pamwamba pa yatsopano. M'mawa uliwonse, asanatenge kabotolo kawo, amagogoda chitseko go, go, go, n'kutchera khutu atatsinzina. Firijiyo siyankha kanthu, koma iwo amagwedeza mutu.

"Ili bwino, abambo a Tikondwe," amatero, kenako n'kutsegula.