Geti la Nkhumba la a Macfussy

Aliyense amene anakhalapo m'dera lathu la Najma zaka zapitazi akuwadziwa a Macfussy, gadi wa ku Mchinji amene ankaweta nkhumba pafoni. Nkhumbazo zinali kumudzi, m'khola lakale la njerwa. Eni ake anali kuno ku Doha, kumene simungaone ngakhale mchira wa nkhumba.

Matenda okonda mageti anawayamba tsiku limene tinakwera sitima ya metro koyamba. Anaima pageti, kukamwa yasa, kuonerera likutseguka lokha.

"Yalla, tiyeni bambo, tichedwa kushifiti," ndinatero.

"Taona, mphwanga. Nkhumba izikwera pasikelo. Yonenepa, geti liziitsegulira kumanzere, kwa zamsika. Yowonda kumanja, ikadye. Mayi akunyumba asiye kuthamangitsana nazo."

Kuyambira pamenepo ankajambula mageti m'kope, n'kumatumiza zithunzi kwa akazi awo, a Fyness, ndi kwa wowotcherera zitsulo wa pa Kamwendo. Koma m'chipinda tinkagona ndi Amidu, Msilamu wa ku Mangochi, ndiye mwaulemu a Macfussy sankazitchula dzina ziwetozo. Ankati "alendo".

"Alendo adya? Wamkulu uja akulumabe anzake? Mum'mange miyendo."

Miyezi itatu Amidu ankaganiza kuti bambowa ali ndi resitihausi yoopsa. Tsiku lina anandikokera pambali.

"Achimwene, akuti mlendo wonenepa apite kumanzere, Loweruka aphedwe. Tikanene kuti?"

Nditamufotokozera anafunsa ngati geti lomwelo lingagwire pa mbuzi.

Getilo linamangidwadi, la sola ndi batire ya galimoto. Tsiku loliyesa tonse tinaunjikana pafoni kuonera. Nkhumba zinakana kulowa. Apongozi awo a Macfussy anati azionetse njira, n'kuponda pasikelo. Geti linatseguka kumanzere, iwo kulowa, ilo phaa.

"Amayi atsekeredwa kwa zamsika," anatero a Fyness.

"Ndiye kuti likugwira," anayankha a Macfussy, misozi yachimwemwe ili lengelenge.

Patapita sabata, geti linasokonekera. Zowonda zinkapita kumsika, zonenepa kukadya. A Macfussy anati ndi waya umodzi wokha, akakonza okha pa holide ya Disembala.

Mu Okutobala anagwa ali pantchito ku Onaiza. Akuti unali mtima. Thupi tinaliperekeza pabwalo la ndege.

Chipinda chija chinangoti zii. Madzulo aliyense amangoyang'ana foni yake, palibenso wokalipira khola lili kutsidya la nyanja. Maliro atatha, a Fyness anandiimbira.

"Alamu, paja ankati tisinthe waya wofiira kapena wakuda?"

Tinayang'anana. Zaka ziwiri bambo aja ankatifotokozera tsiku ndi tsiku, ife tikungoseka. Amidu, amene sanakhudzepo nkhumba chibadwire, anatenga kope lija, kulitembenuza uku, kulitembenuza uko.

"Auzeni asadule kalikonse," anatero motsitsa mawu. "Andipatse masiku awiri ndiliwerenge."