Tsiku limene nsapato zinakana kutsika pa njinga

Pali mudzi wina m'mbali mwa msewu wa tala wochoka ku Milange kupita ku Mocuba, kumene mukatchula dzina langa anthu amangoyang'anizana. Koma mungonena kuti "munthu uja wa njinga", ngakhale nkhalamba yopanda mano imaseka mpaka kutsokomola. Ndiye poti nkhaniyi akuikamba moonjezera mchere, bola ndiikambe ndekha.

Ine matenda anga ndi chidwi. Ndimakonza mafoni pafupi ndi msika wa Milange, ndipo chilichonse chokhala ndi zomangira chimandiyabwa m'manja mpaka nditachitsekula. Tsiku lina ndikuyesa foni ya kasitomala ndinaona kanema wa mpikisano wa kunja. Anthu akusambira, atuluka m'madzi akwera njinga, atsika njinga ayamba kuthamanga, opanda chowathamangitsa. Zosambirazo sizinandikhudze (ine madzi ndimadziwa a mu ndowa basi). Chinandigwira mtima ndi njingazo. Tayala lakumbuyo lotsekeka ngati chivundikiro cha poto, kutsogolo nyanga ziwiri zoloza uko, mwini wake atagonera pa zigongono, mphuno ili pafupi ndi tayala. Ndinadzifunsa kuti, kodi munthu akagona chonchi amamva bwanji? Nanga amaona kumene akupita?

Ndiye satana sagona. Zakariya, mnzanga amene amabweretsa katundu kuchokera ku Joni, anatulukira nayo njinga yomweyo, yogwiritsidwapo kale ntchito koma yonyezimira.

"Achimwene, tainyamula," anatero.

Ndinainyamula ndi dzanja limodzi. Epa! Kupepuka ngati nkhuku yodwala chitopa. Inabwera ndi chisoti chosongoka kumbuyo, kabudula wothina woti povala umapuma kaye, ndi nsapato zake zokhala ndi tizitsulo kunsi. Ukaponda pedulo, nsapato imalumana nayo, tcha! Iwe ndi njinga mwasanduka thupi limodzi.

"Nanga potsika?" ndinafunsa.

"N'zosavuta. Umapotokola chidendene kunja, yamasuka."

Mtengo wake sindinena. Ndingoti njinga yanga yamoto inapita. Anyamata a kabaza a pamsika anasonkhana kudzaona munthu wogulitsa njinga yamoto n'kugula yopalasa. Wina anati, "Achimwene, kaliyala akuberani kale?" Wina anafunafuna belu osalipeza. Ine mumtima ndinkangoti awa sadziwa za kunja. Zopotokola chidendene ndinaziphunzira nditatsamira khoma la shopu, ndipo zinkatheka bwinobwino.

Tsono nthawi imeneyo ndinali pa chibwenzi ndi Rozita, ndipo nkhani ya ukwati inali itakakamira pa munthu mmodzi, amalume ake, a Muhiwa. Ankhoswe anga amati akapita, amabwerako ndi mawu akuti "tiona". Kenako uthenga unabwera: "Anyamata a m'tauni sitiwadziwa khalidwe. Abwere yekha Loweruka ndidzamuone." Ine ndinali ndisanaonanepo nawo, ndipo Rozita anandiuza poyera kuti akakana iwowo, basi zathera pomwepo.

"Uvale thalauza lakuda lija," anandilangiza. "Ukwere shapa, minibasi zilipo zambiri. Ulankhule pang'ono."

Ndinavomera zonse. Koma m'mawa wa Lowerukalo, nditaona msewu wa tala uli mbee, chidwi chinandinong'oneza kuti minibasi ya chiyani pamene uli ndi njinga yoposa minibasi. Ndinapinda thalauza ndi malaya m'jumbo, n'kumanga ndi lekeni kunsi kwa chishalo. Nzeru yake inali yoti ndikavalire patchire ndisanalowe m'mudzi, ndikafike ngati munthu.

Abale, ndisaname, njinga ija imathamanga. Nditatuluka m'tauni ndinagonera pa nyanga zija, mphepo ikulira m'makutu, tayala lakumbuyo likung'ung'udza. Ndinapitirira a makala, ndinapitirira a chinangwa, ndinapitirira ngakhale njinga yamoto ina yonyamula banja lonse. Ndinkangomva kukoma. Ndipo funso langa lija linayankhidwa: munthu akagona chonchi saona kumene akupita. Amaona tala wa pansi pa mphuno yake.

Pa tala ameneyo ndi pamene ndinaona nthambi zamasamba zitayalidwa. Ine ndinakulira kuno, ndimadziwa kuti masamba pamsewu amanena zinthu ziwiri: kutsogolo kwafa galimoto, kapena kwafa munthu. Akakhala munthu, wa njinga aliyense amatsika, kuvula chipewa, n'kudutsa akukankha. Koma mutu ukakhala pansi nzeru nazonso zimatsikira komweko. Ndinangoti ndi lole imeneyo, ndiizemba, ndipo ndinawonjezera moto.

Kenako ndinamva nyimbo.

Nditadzutsa mutu, msewu wonse unali anthu. Mtanda kutsogolo, bokosi pamapewa, amayi a kwaya pambuyo, akudutsa msewu kupita kumanda. Ndinafinya nyanga zija kuti ndigwire mabuleki. Palibe! (Amene anapanga njingayi anaika mabuleki pa mahandulo a m'munsi, kutali ndi pamene manja amakhala. Mpaka lero ndikufuna nditakumana naye ndimufunse.) Belu palibe. Ndinangoyamba kukuwa, "Pepani! Pepani!" uku manja akufufuza, anthu akubalalika. Mwamwayi ndinawapeza mabulekiwo, ndipo njinga inaima pafupi kwambiri ndi onyamula bokosi, moti mmodzi ndinamuona thukuta pamphuno.

"Tsika njinga, iwe!" anakalipa wina.

Ndinkafunitsitsa kutsika. Ndinakoka phazi lamanja, lakana. Lamanzere, lakana. Zopotokola chidendene zija zinatsalira pa khoma la shopu. Njinga inaima yokha kanthawi, ngati ikuganiza mbali yogwera, kenako pang'onopang'ono, pamaso pa mudzi wonse, ine ndi iyo phii! Ndipo ndinamva kuti kwee, kabudula uja wang'ambika, malo ake oti sindingawalembe pano.

Nyimbo inadukira pakati. Ndinagona chammbali, mapazi akadali pa mapedulo, chisoti chitaloza kumwamba, ngati mbuzi yomangidwa yopita kumsika. Ndinapapasa kunsi kwa chishalo kuti mwina jumbo lindipulumutse. Ndinapeza lekeni yokha ikulendewera. Thalauza langa linatsikira panjira kalekale, ndipo amene analitola alivale ndi mtendere.

Manyazi ndinawamvapo m'moyo, koma awa anali oti ndinalakalaka bokosi lija likanakhala langa. Pamenepo mayi wina anatuluka m'gulu la kwaya. Nkhope anayang'anitsa kumbali, anamasula nsalu yake ya pamwamba, kapulana, n'kundifunditsa m'chiuno, n'kubwerera pamzere. Pamzere womwewo ndinaona Rozita, manja onse kumaso.

Bambo wina wa jekete lakuda anagwada pa mapazi anga. Anagwedeza nsapato, anasuzumira kunsi kwake, anagwedezanso. Ndinaona kuti nayenso chidwi chamugwira.

"Kodi anachita kukukhomerani ndi misomali?"

"Iyayi bambo, zimalumana zokha."

"Zokha? Ndiye mukafuna kutsika mumatani?"

"Timapotokola chidendene."

"Nanga bwanji simunapotokole?"

Anamasula zingwe, n'kundisolola mapazi, nsapato n'kutsala pa njinga. Nditaimirira, nditamanga kapulana bwinobwino, anandifunsa motsitsa mawu kuti ulendo wothamanga chonchi ndi wa kwa yani.

"Kwa a Muhiwa, bambo."

Anandiyang'ana kuyambira ku chisoti mpaka ku masokosi. "Mwafika," anatero. "Vulani chipewacho, tikaike maliro."

Ndinapita kumanda chopanda nsapato, nditavala nsalu, ndikukankha njinga imene nsapato zake zinkazungulira zokha pa mapedulo. Womwalirayo anali mkulu wina woyandikana nawo nyumba. Ine sindinamudziwe, koma misozi inatuluka yeniyeni.

Titabwerako, akuluakulu anandikhazika pansi pa mtengo wa mango. Mlandu wodutsa masamba ndili pa njinga unatha msanga: anandilipiritsa nkhuku, ndinapepesa kwa anamfedwa. Kenako onse anachoka, tinatsala awiri ndi a Muhiwa. Ndinkangodikira mawu oti nyamukani, musadzapondenso kuno.

"Ndinakonza mafunso ambiri," anayamba. "Ndimati ndidziwe ngati muli waulemu, ngati muli wodekha, ngati mumamva malangizo. Mwandiyankha onse musanakhale n'komwe pansi."

Ndinangoti zyoli.

"Ine ndikanakana. Koma nsalu mwavalayo mukuidziwa mwini wake?"

"Iyayi, bambo."

"Ndi ya mlongo wanga, mayi wake wa Rozita. Wakufunditsani mudzi wonse ukuona. Mkazi safunditsa nsalu yake munthu wapanjira. Tsopano aliyense akuti ndinu wa pakhomo pathu, ndiye ine ndikakukanani, ndinyozetsa mlongo wanga." Anapumira m'mwamba. "Auzeni ankhoswe anu abwere. Koma abwere pa shapa."

Rozita sanandilankhule kwa masiku angapo, koma ukwati unachitika. Njinga ikadalipo, ndimaikwerabe Lamlungu masana, ndipo sindinganame kuti mutu ndimadzutsa nthawi zonse.

Chimene chinasintha n'china. Kale ndinkatsutsa kwambiri mwambo woti mkamwini ndi apongozi aakazi azipewana, osayang'anana m'maso, osakumana panjira. Ndinkati n'zachikale, ifeyo a masiku ano tizithetsa. Lero m'mudzi monse muja mulibe mkamwini wosunga mwambo umenewu kuposa ine. Ndikangowaona apongozi akubwera poteropo, ndimalowa m'chinangwa, anthu n'kumayamikira kuti mwana uyu analeredwa bwino. Iwo ndi ine tokha ndi amene tikudziwa zimene anaona asanatembenuze nkhope.