London Yanga ndi Telala wa pa Boma

Lolemba

Ndawapezera mankhwala a Nyirenda! Telala uja wa pa boma wakhala akundidya pa chesi zaka zitatu, uku akuluma ulusi ngati palibe chikuchitika. Loweruka tikumana. Kalabu yathu ikutumiza anthu anayi ku mpikisano wa ku Chipata. Atatu apezeka kale, mpando wotsalawo ndi wanga kapena wawo.

Mankhwalawo ndi kayambidwe ka masewera kotchedwa London. Mkulu wina pa vidiyo ya pafoni akuti uziyenda zomwezo nthawi zonse, mdani ayende zomwe akufuna. Ndalemba kumbuyo kwa buku la maina a ana:

1. poni (kamsilikali kakang'ono) wa kutsogolo kwa kwini, masitepe awiri
2. bishopu kunja
3. poni wa kutsogolo kwa mfumu
4. hatchi
5. poni wachitatu, atatuwo akhale ngati denga
6. bishopu winayo
7. hatchi inayo

Kuganiza: ziro! Netiweki yaduka vidiyo ili pakati, koma zofunika ndamva.

Lachiwiri

Ana aweruka, ine panjinga kuchoka ku Mphamba mpaka pakhonde pomwe kalabu imakumana. Ndikuyesa mankhwala pa a Mwale, mlangizi wa zaulimi. Ndikuyenda zanga zisanu ndi ziwiri osayang'ana n'komwe mbali yawo. Ndawadya!

N'zoona kuti theka la nthawi anali pafoni kukangana ndi mlimi za ng'ombe yodwala. Kudya n'kudya basi.

Ndaonetsa kalabu yonse mndandanda wanga, kawiri. A Nyirenda angogwedeza mutu, tepi ili m'khosi.

Kunyumba mayi a kunyumba akuti, "Ndiye kuti mwasiyilatu kuganiza? Nanga cacilendo n'ciani?" Nsanje.

Lachitatu

Lero ndi mayi Zimba, namwino wa pa kiliniki. Munthu wofatsa, amayenda msilikali ngati akupereka jekeseni kwa khanda.

Atulutsa kwini wawo msanga, amuika pambali. Ine ndili pa nambala 5. Kwini wadya poni wanga, uja bishopu anamusiya yekha potuluka. Ine nambala 6, poti mndandanda ukutero. Kwini wadyanso ruku wa pakona, uja wooneka ngati nkhokwe.

"Ba ticha, mukulaŵiska nkhu?" akundifunsa mwachifundo. Ndikuyang'ana kuti? M'mutu mwanga, mayi, ndi momwe muli mndandanda.

Ndabwerera kunyumba ndikukankha njinga, chonsecho siinaphwe.

Lachinayi

Ndili pamwamba pa chulu kuseri kwa sukulu, poti netiweki imakhala pamenepo. Ndikumaliza vidiyo ija. Ayi ndithu! Mkulu yemwe uja, malaya omwe aja, tsopano akutchula pomwe London siigwira:

mdani akatulutsa kwini msanga, ganizani
akakankha poni wa pambali, ganizani
akathamangitsa bishopu ndi hatchi, ganizani
mukakhala ndi akuda, iyi si yanu n'komwe

Akuda! Kani London ndi ya oyera okha, amene amayamba kuyenda. Sabata yonse ndakhala ndikuganiza ngati kuti oyera ndinabadwa nawo. Pa kalabu pathu munthu amabisa maponi awiri, woyera ndi wakuda, m'nkhonya, wina n'kuloza dzanja. Ukaloza lolakwika, London yatsala ku London.

Nyerere zandiluma m'sokosi. Ndatsika ndi mtima wolemera, mantha andigwira ndithu.

Lachisanu

Ndikudutsa pa shopu ya a Nyirenda ngati ndikupita kwina. Makina akulira, iwo osadzutsa mutu, akuimba motsatira phazi: "Poni, bishopu, poni, hachi..." Makasitomala awiri akuseka osadziwa chomwe akuseka.

Pakamwa panga pandigulitsa.

Zokonzekera mawa:
kuloza dzanja lamanja
likakhala lolakwika, kukhala ngati sindikudandaula
osadya nyemba m'mawa

Mayi a kunyumba andipeza ndikuyeserera kuloza nkhonya pagalasi. Angopukusa mutu n'kutuluka.

Loweruka

Khonde ladzaza. A Mwale atambasula nkhonya ziwiri. Ndaloza lamanja. Wakuda!

A Nyirenda akuyamba. Poni wa kwini. Bishopu kunja. Poni wa mfumu. Hatchi. London yanga, m'manja mwawo! Mtima ukudumpha ndi chimwemwe, poti mankhwala a London ndikuwadziwa, anandimwetsa mayi Zimba. Ndikuyenda ndendende momwe anayendera iwo Lachitatu. Kwini kunja, pambali, diso pa poni wosiyidwa uja.

Nambala 5 ndi poni. Aliyense akudziwa kuti nambala 5 ndi poni. Koma a Nyirenda ayang'ana bolodi, aluma ulusi, n'kuika hatchi pamalo pomwe payenera kukhala poniyo.

Ndaiona hatchiyo. Kunena zoona ndaiona. Koma dzanja linali litanyamuka kale, ndipo lamulo lake wagwira wayenda. Ndadya poni.

Hatchi yalumpha kamodzi. Yalumphanso: cheki! Mfumu uku, ruku uku, ndisankhe wopulumutsa. Kwini wanga ali kutali, ruku wawo akumuthamangitsa ngati nkhuku yolowa m'dimba la eni. Mayi Zimba aphimba nkhope ndi chikwama chawo.

Ndagoneka mfumu, kuvomera kuti ndagonja, dzuwa lisanafike pamutu. Kunena kuti sizikundiwawa ndi bodza, ku Chipata ndimakufuna.

Lamulungu

Mndandanda uja ndaung'amba, koma mosamala, poti kutsogolo kwake kuli maina a ana.

Titatuluka m'tchalitchi a Nyirenda andipatsa moni wa manja awiri. Ndawafunsa chifukwa chomwe anasinthira nambala 5.

"Ba ticha, ine sinidula nsalu nisanapime munthu. London ni yabwino, koma muziyamba mwaona amene wankhala kutsogolo kwanu."

Kenaka atsitsa mawu. Akuti alibe chikwama chapaulendo, amva kuti ine ndili nacho chabwino. Amva kwa yani? Mayi a kunyumba akuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

Chikwamacho ndinali nditalongedza kale, ndi tayi yemwe. Ndatulutsa zovala zanga chimodzichimodzi, ndawabwereka. Zipi yake ndi yothyoka, koma iwo ndi telala, akonza okha.