Mtsetse Womwe Ndinaika ku Yunivesite

Masiku ano ndikamapita kumsika wa pa boma ndimazungulira kuseri. Kumsewu kuli akabaza, ndipo onse akudziwa. Bola ndinene ndekha, mumve zoona, osati zawozo.

Ndine mmisiri womanga, kuno amati fundi. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma kuyambira ku Malindi mpaka ku Makawa palibe shedi ya nsomba yabwino yomwe dzanja langa silinaikhudze. Malo osambira m'mizikiti yambiri ndi ntchito yanga. Lamulo langa ndi limodzi: pansi pazikhala mtsetse, madzi akatayika azidziwa okha kolowera. Pansi pathyathyathya ndi pa mmisiri waulesi. (Bambo anga anandikwapulapo ndi levulo, chida choyezera ngati pansi papendekeka, chifukwa cha chithaphwi chochepa ngati chikhatho.)

Yunivesite ina inagula nyumba yakale yosungiramo nsomba kuti ikonzedwe, mukhale maofesi a nthambi zake: ya zausodzi, ya zamadzi, ndi ina ya zowerengera yomwe dzina lake sindinaligwire. Kontirakitala anandiitana kuti ndikathire simenti pansi. Maso anga ayamba chifunga, mawondo akulira. Ndinadziwa kuti ndiyo ntchito yanga yomaliza. Ndinalengeza kumzikiti, ndinalengezanso kwa akazi anga: ndikadzafa anthu azidzati wapita amene anamanga yunivesite, osati mkulu wa mashedi onunkha usipa.

Woyang'anira ntchito anali injiniya, mayi Mbewe, wamng'ono kuposa mwana wanga womaliza.

"Agogo, pansi pakhale pathyathyathya," anatero. "Muno mukhala mabuku, osati chambo. Mwamva?"

"Ndamva."

Kumva ndinamvadi. Kuvomera ndi nkhani ina.

Iwo anapita ku Zomba kukalimbana ndi mazenera omwe ankachedwa kufika. Ndinatsala ndi Saidi, amene wakhala akundikandira simenti kuyambira tonse tili ndi tsitsi lakuda.

"A fundi, mayi aja anati chiyani?"

"Anati tigwire ntchito yabwino."

"Ine ndinamva thyathyathya."

"Iwe kanda simenti. Makutuwo ukawagwiritse ntchito kwa mkazi wako."

Ofesi iliyonse ndinaipendeketsa kuloza chitseko. Njira yapakati pa maofesi ndinaipendeketsa kuloza khomo lalikulu. Ndinathira utoto wofiira, ndinasalaza mpaka kuoneka nkhope. Nditamaliza ndinakhuthula ndowa ya madzi kumapeto kwenikweni. Anayenda okha mpaka panja, osasiya dontho. Mayi Mbewe atabwerako sanaone kanthu. Mtsetse wa katswiri suoneka ndi maso.

Tsiku loti akuluakulu a nthambi adzaone maofesi awo ndinavala mkanjo woyera ndi mzuli watsopano. Akazi anga anasita mkanjowo mobwerezabwereza ngati ndikukakwatira. M'mawa womwewo panafika lole ya mipando. Mipando ya matayala. (Mpando uli ndi ntchito imodzi, kukhala pamene wauika. Amene anauveka matayala akayankha yekha kwa Mulungu.)

Mkulu wa nthambi ya zamadzi, a Dokotala Nkhoma, bambo wa thupi lake, analowa mu ofesi yawo, nakhala pampando, nakweza mapazi pa chitsulo cha pansi. Anayamba kuyamikira kuwala kwa chipinda. Ali m'kati moyamikira, anayamba kutalikirana ndi tebulo, pang'onopang'ono, ngati bwato lomwe lamasuka chingwe. Anagwira tebulo, anadzikoka. Atasiya, ulendo unayambiranso. Cholembera chawo chinagwa n'kugubuduka kuwatsogolera njira. Atafika pachitseko anakumana ndi mayi wa nthambi ya zowerengera, nayenso akutuluka mu ofesi yake ali chikhalire.

"Inunso mukuyenda?" mayiyo anawafunsa.

Mayi Mbewe sanaseke. Anatenga levulo yanga yomwe, anaigoneka pansi. Kadontho ka m'kati kanathawira kumapeto.

"Agogo."

"Vuto ndi mipando."

"Kadonthoka kakunama?"

"Anthu anuwa sadziwa kukhala. Munthu akakhala mowongoka mpando sungayende."

Apa ndiye panali poti nditseke pakamwa, ndipepese, ndizipita kwathu ndi mkanjo wanga woyera. Saidi anandikoka dzanja la mkanjo. Ndinamukankha. Ndinakoka mpando umodzi mpaka kumapeto kwa njira yapakati, pomwe paja ndinakhuthula ndowa. Ndinakhala, ndinawongola msana, ndinakweza mapazi, ndinapinda manja.

"Onani," ndinatero.

Anaonadi.

Poyamba unkayenda mwaulemu. Ndinaumitsa nkhope ngati ndi momwe ndinafunira. Nditadutsa nthambi ya zowerengera unawonjezera liwiro. Ndinatsitsa mapazi, koma masilipasi pa simenti yomwe ndinasalaza ndekha anangoterereka, limodzi linatsala. Phazi lomwe linagwira pansi linangotembenuza mpando. Nthambi ya zamadzi ndinaidutsa chafutambuyo, ndikuona nkhope za anthu ophunzira zikucheperachepera. Ya zausodzi sindinaione n'komwe.

Saidi anali atathamangira kukhomo lalikulu. Ndinati mumtima, mnzanga andigwira. Anatsegula chitseko chonse n'kuima pambali. (Akuti ankaopa kuti ndiswa galasi.)

Kunja kwa khomo kuli kanjira kotsetsereka ka anthu oyenda pa njinga za olumala. Nakonso ndinamanga ndine, ndipo ndinakamanga bwino. Kumapeto kwake kunali dzenje lomwe tinkatsukiramo ziwiya, lodzaza madzi a utoto wofiira uja. Mpando unaima pa mphepete. Ine sindinaime.

Nditadzutsa mutu, mzuli unali kuyandama pambali panga. Pageti panali akabaza omwe anabweretsa alendo ena kuchokera kumsewu. Mmodzi anali atakweza foni m'mwamba.

Mayi Mbewe sanandikalipire, ndipo izi zinandipweteka kuposa chiuno. Anandipatsa chitenje chawo kuti ndifunde.

"Agogo, simenti yanu ndi yolimba, ndiye muiphwanye nokha," anatero. "Ndikaitana wina angothyola hamala."

Ndinaiphwanya ndekha, ine ndi Saidi, chipinda ndi chipinda. Inali yolimbadi. Hamala ikamenya, imabwerera m'mano. Sindinayambe ndaonapo ntchito yabwino choncho, ndipo ndinaitulutsa pa wilibala ngati zinyalala. Pansi patsopano anadzaika munthu wa ku Blantyre, wa matailosi. Dzina langa pa nyumbayo palibe, koma pa mafoni a m'boma monse nkhope yanga ilipo, ikuyenda chafutambuyo.

Kumzikiti anthu amandipatsa salamu mwaulemu, kenako amatsokomola. Akabaza alibe ulemu wotero. "Agogo, lero mukwera njinga kapena mwabwera ndi mpando wanu?" Mkanjo uja akazi anga anaunyika, anauchapa, anaunyikanso. Mpaka lero ndi wofiirira. Tsopano amauvala akazi angawo pokagona.

Ana anga akuti ndiphunzirepo kumvera. Chabwino. Koma mwezi wathawu ndinadutsa kuyunivesite kuja, ndinasuzumira pazenera. Mayi wina ankakolopa. Madzi anangoima pakati pa njira, osadziwa kolowera, iye akuwakankha uku, iwo akubwerera uko. A Dokotala Nkhoma anawalumpha n'kulowa mu ofesi yawo, osayang'ana n'komwe pansi. Anakhala pampando. Mpando sunayende.

Ndinaima pazenerapo nthawi yaitali, kudikira kuti wina adandaule. Palibe anadandaula.