Tizilombo Tasala Kudya

Amayi anzanga, tisanayambe nyimbo, imvani zimene ndinalota usiku wathawu.

Mukudziwa kuti Lamulungu lino amuna anga, bambo a Lonjezo, akubatizidwa, munthu amene ndamupempherera mpaka mawondo anada. Mukudziwanso kuti oyilo wa kugalaja watayikira padziwe lobatizirapo, ndipo iwo ananenetsa kuti, "M'madzi a oyilo sindilowamo, sindine injini."

Ndiye m'malotomo ndili padziwepo, madzi ali bii, mgolo wa oyilo wakhala pamwala, wapinda miyendo. Ukuti, "Musandiyang'ane choncho mayi, amene ananditaya ali ndi manja, ine ndilibe."

Mwadzidzidzi kwatulukira bwana woona zachilengedwe, suti yoyera mbee. Akuyankhula, khosi likutalika, miyendo ikuwonda, basi asanduka kakowa, aima ndi mwendo umodzi kuopa kuda. "Nkhaniyi tiifufuza," atero, n'kuuluka.

Ndiye ndikumva timawu pansi: "Odi! Odi kuno!" Kuyang'ana, ndi tizilombo tija amanena mng'ono wanga Esinta wa kukoleji, tosaoneka ndi maso, koma ine ndikutiona bwinobwino, tavala maovololo, masipuni kumanja. Kamkulu kawo kakuti, "Ife thukuta lathu ndi sopo. Oyilo ndi madzi sayankhulana, ndiye sopo wathu amakhala nkhoswe: dzanja lina agwira oyilo, lina agwira madzi. Oyilo akamwazika timadontho, ife n'kumadya."

Amayi inu, kugwira ntchito kwake! Thovu lili tuu, madzi akuyera mpaka mbululu kuoneka. Mtima wanga unadzala. Ndinati antchito olimbika chotere n'kulakwa kuwasiya osamva Mawu. Ndiye ndakwera pachulu, chulucho chasanduka guwa, ndalalikira za kususuka, za Esau ndi mphodza zake, ndawonjezanso kuti ife a mumpingo sabata ino tikusala kudya.

Tizilombo tonse misozi mbwe. Kamkulu kaja kakuti, "Mayi, mwatilasa mtima. Tikusala nafe mpaka Pasaka." Masipuni pansi. Tizilombo tafola mizere, tayamba kwaya, mawu okoma ndithu, koma oyilo akubwerera, akutseka dziwe ngati bulangete.

Mwadzidzidzi uko akubwera bambo a Lonjezo, abusa pambuyo pawo atakwera wilibala.

Ine kukuwira tizilombo: "Idyani, ana anga, chonde idyani!"

Tizilombo tonse pamodzi: "Choka, Satana!"

Ine, NaGama, msungichuma wa chigwirizano cha amayi, kunenedwa Satana ndi nkhosa zanga zomwe!

Bambo aja aviika chala chakuphazi, chatuluka chakuda, ayamba kubwerera chambuyo. Ndinati zivute zitani. Ndatola sipuni imodzi, ndagwada, ndayamba kumwa oyiloyo ndekha, kasipuni kakang'ono ngati khutu la mbewa, dziwe lalikulu ngati Yordano. Tizilombo tikundiimbira nyimbo yobweza wosokera, abusa akuomba m'manja: phwa, phwa, phwa!

Kutsegula maso, kunja kwayera, phwa phwa uja akumvekabe kuseri kwa nyumba. Ndasuzumira pawindo: bambo a Lonjezo, amene sanachapepo ndi mpango womwe chikwatiraneni, akumenya thalauza loyera pamwala.

"Amayi a Lonjezo, sopo watha kuno! Mukufuna Lamulungu ndikaime pamaso pa Ambuye ngati makaniko?"