Soseji m'Mowa, Monga Ananenera Mai a Towela

Nkhaniyi ndi yamanyazi, ndipo manyazi ake ndi anga ndekha. Koma kuti imveke, ndiyambire pa Lachinayi lija mkazi wanga, mai a Towela, anaima m'khitchini, magalasi ali pamphuno, foni ili m'manja, akuwerenga mokweza ngati akulengeza kutchalitchi.

Mwana wathu Towela, amene amagwira ntchito ku Lusaka, anali atatibweretsera zinthu ziwiri: mphika wamagetsi wotchedwa slow cooker, ndi soseji zonenepa, zotuwa, za ku Jeremani, zotchedwa bratwurst. Mphikawo suthamanga. Umauyatsa m'mawa, chakudya n'kudzapsa masana. Mai a Towela anaupatsa dzina loti Fulu.

"Aphunzitsi," anatero. Ankanditchula choncho akafuna kundituma. "Apa akuti mukazinge soseji pang'ono, anyezi pansi, soseji pamwamba, kamasitadi, kashuga, ndiye muthile beer mpaka zimile. Loweluka mukanigulile beer."

"Ine? Mkulu wa mpingo?"

"Akuti ukaphikidwa ukali wake umauluka. Kumatsala kafungo chabe."

"Tchimo n'kuuluka, fungo n'kutsala."

"Izo mukalalikile pa Sondo. Ine nifuna beer Loweluka."

Anaseka, n'kunena kuti mutu ukuwawa pang'ono, akapume kaye. Loweruka silinawapeze.

Sosejizo zinapita ndi maliro. Amayi ophikira anthu anazipeza m'firiji, n'kuziduladula, n'kuzisakaniza ndi kabichi. Fulu anabwerera m'katoni yake pamwamba pa kabati.

Miyezi inapita. Ndinkamwa tiyi ndi buledi, nthawi zina mtedza wokazinga. Lamba ndinamuboola bowo latsopano. Ndinkaona ngati palibe amene akuona, koma ana aakazi amamva kuonda kwa munthu ngakhale pa foni.

"Adada, mwadya chani lelo?"

"Ndadya."

"Sininafunse ngati mwadya. Nafunsa chani."

Ndinayang'ana kapu ya tiyi imene inali patebulo.

"Manje mvelani. A anti a Belita azabwela Loweluka kukuonani. Akaniuza kuti simuli bwino, nibwela kukutengani. Room ilipo kuno."

Ku Lusaka sindinkafuna kupitako. Zifukwa zake sindizilemba zonse. Manda ali pafupi, ndimafikako wapansi.

Choncho ndinatsimikiza mtima kuti alamu anga a Belita adzapeza munthu wodziwa kudziphikira. Osati wophika mazira ayi. Ndinauza Towela kuti anditumizire bratwurst pa basi. Anati, "Okay, adada," ndi mawu a munthu amene akumwetulira ali ndi chimfine. Zinafika Lachisanu m'kabokosi ka ayezi.

A Belita ndi akulu awo a mai a Towela. Amakhala kwa Mwase, ndipo amatsogolera amayi kumpingo kwawo. Ndi munthu amene amaona fumbi la pansi pa bedi akadali pageti.

Tsopano nali vuto langa. Ndinaphunzitsa Chingerezi mpaka kupuma pa ntchito. Beer ndi mowa. Ndinalembapo zimenezi pabolodi, ana n'kukopera. Koma mowawo sindinaulawepo chibadwire, ndipo sindinkadziwa kuti mawu awiri akhoza kugwirizana pabolodi n'kukana kugwirizana mumphika.

Ndinakwera njinga Lachisanu lomwelo kupita kubotolo sitolo ya Gondwe, kuseri kwa msika. Gondwe ndinamuphunzitsa kalekale. Pano ali ndi imvi zochuluka kuposa zanga.

"Monire asambizgi," anandilonjera m'Chitumbuka, kunena kuti moni aphunzitsi.

"Yewo. Ndifuna mowa."

Anasuzumira kumbuyo kwanga, kufuna kuona amene wandituma.

"Uti, asambizgi? Wa m'botolo kapena wamasese wa m'paketi?"

Pabenchi panali amuna ena amene anasiya kulankhula. Ndinafunika kusankha msanga, ndiye ndinaganiza ngati munthu wophunzira. Wa m'botolo ndi madzi okhaokha. Wamasese ndi wa chimanga ndi mapira, ndi wachibale wa chakudya. Chakudya chimaphikidwa ndi chinzake.

"Wamasese."

"Angati?"

"Okwanira kuti zonse zimire."

Gondwe anaweramitsa mutu.

"Asambizgi, malilo amawawa, tonse tidziwa. Koma poyamba munthu ayamba na imodzi."

"Imodzi sikwana. Ndipatse atatu. Ndi wophikira."

"Eee, asambizgi," anatero. Mawu akewo ndinawazindikira. Ndi mmene ine ndinkayankhira mwana wonena kuti wachedwa chifukwa mtsinje unadzaza, mu Okutobala. "Mukhutchumule kaye musanatsegule."

Mapaketiwo ndinawaika m'chikwama cha nsalu, n'kuchimangirira pakeriyala. Chimene Gondwe sanandiuze n'chakuti mowa wamasese ndi wamoyo. Umapitiriza kuwira uli m'paketi, n'chifukwa chake pamwamba pali kabowo kopumira. Misewu yathu mukuidziwa. Pofika pamsika, kumbuyo kwa thalauzi yanga kunali kutanyowa, ndipo ntchentche zinkanditsatira mwaulemu.

Ndinaima pabenchi ya anyezi. Mayi wogulitsayo ankaimba kwaya limodzi ndi mkazi wanga. Anandipatsa moni, mphuno yake n'kugwedezeka kamodzi. Mbasela imene anandiikira inachuluka kuposa anyezi amene ndinagula, ndipo sanandiyang'ane kumaso. Ine ndinati m'mtima, anthu a ku Lundazi ndi achifundo.

Loweruka magetsi anachita ulemu, sanazime. Ndinatsitsa Fulu, n'kumupukuta. Ndinakazinga soseji pachiwaya mpaka zinafiira m'mbali. Fungo lake linali labwino kwambiri moti ndinamva njala, chinthu chimene ndinali nditachiiwala. Anyezi pansi. Soseji pamwamba. Kamasitadi, kashuga. Ndinakhutchumula mapaketi monga ananenera Gondwe, n'kuthira onse atatu.

Unatuluka wotuwa, wolemera ngati thobwa. Ndinakayika pang'ono. Koma ndinali nditauza mtima wanga kuti tsiku limenelo si lokayika. Ndinavundikira, n'kupotoza kabatani kufika pa Low.

Mai a Towela ankati Fulu sasuzumiridwa: ukavundukula, kutentha kumathawa, n'kuyambiranso. Ndiye ndinamusiya. Ndinasesa, ndinakolopa, ndinasita malaya oyera.

Poyamba m'nyumba munkanunkhira anyezi. Kenako fungo linasintha, linayamba kufanana ndi la kuseri kwa sitolo ya Gondwe. Chivundikiro chagalasi chinachita nthunzi, m'kati osaoneka, ndipo mphikawo unayamba kulira kuti phu, kenako phu. Galu wa aneba anabwera, ananunkhiza pakhomo, n'kubwerera. Ine sindinavundukule.

A Belita anafika masana. Minibasi ya kwa Mwase imatsitsa anthu pamsika, ndipo ine sindinaganizire tanthauzo la zimenezo. Anaima pakhomo, n'kukoka mpweya ndi mphuno, n'kutseka maso. Anakhala pansonga ya mpando, chikwama chili pamiyendo. Moni unali waufupi.

"Alamu, namva kumsika zimene mwayamba."

Ndinasangalala. Ndinaganiza kuti mayi wa anyezi uja wawauza kuti ndayamba kuphika.

"Inde, alamu. Ndayamba."

"Simukukana?"

"Ndikanirenji? Munthu sangakhale pa tiyi mpaka kalekale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwayamba liti?"

"Lero m'mawa."

"M'mawa."

"Zimafunika kuyamba m'mawa, kuti pofika masana ukhale utalowerera bwino."

A Belita anaika chikwama pansi.

"Akuti munagula mapaketi atatu. Yatsala ingati?"

"Onse ndamaliza. Imodzi sikanakwana."

"Mayo ine. Nanga anakuphunzitsani ndani, imwe munthu wamkulu, wa mpingo?"

"Mng'ono wanu."

"Esnati?" Dzina la mkazi wanga linali lisanatchulidwe m'nyumbamo kwa nthawi yaitali. "Esnati sanalawepo mowa moyo wake wonse. Musamunamizile munthu ali m'manda."

"Sindikunama, alamu. Anaona pa foni. Anati tidzayesere limodzi Loweruka." Ndipo pofuna kuwakhazika mtima pansi, ndinawonjezera kuti, "Musade nkhawa, gawo lanu lilipo."

Anatulutsa foni m'chikwama, n'kuimba, n'kuiika pa sipika kuti nanenso ndimve chiweruzo changa.

"Towela. Ni ine. Konza room ija. Zimene amanena kumsika n'zoona. Atate ako ayamba mowa, avomela okha, ndipo afuna kunipatsako."

Apa m'pamene mutu wanga wa uphunzitsi unatseguka. Ndinaona nkhope ya Gondwe, mbasela ya anyezi, thalauzi yonyowa ija. Ndinaonanso Lusaka, ndi chipinda chapamwamba chokhala ndi zenera loyang'ana khoma.

"Adada?" anatero Towela. "Adada, ni zoona?"

Ndinaimirira.

"Sindinamwe. Ndaphikira soseji. Alamu, tiyeni kukhitchini. Foniyo musadule."

Ndinatsogola ngati munthu wopita kukatenga umboni wake. Ndinali wotsimikiza kuti ndikavundukula, soseji zonenepa zidzaoneka zikusambira mumsuzi wofiirira, a Belita n'kuchita manyazi. Ndinagwira chivundikiro ndi kansalu, n'kuchinyamula pang'onopang'ono.

Munali phala.

Phala lolimba, lotuwa, lowawasa, likupuma. Soseji zinali zitakwiririka, misana yokha ikuoneka, ngati mvuu m'matope. Ndipo ndili chiimire ndi chivundikiro m'manja, ndinakumbukira kuti masese ndi ufa, ndipo ufa ukakumana ndi moto sukhala china.

A Belita anatenga mthiko, n'kuuzika pakati. Unaima wokha.

"Anti?" inatero foni. "Anti, nichani? Mwaona chani?"

A Belita anayang'ana mthikowo, n'kuyang'ana ine, ndi malaya anga ositidwa.

"Alamu," anatero mofatsa, "anthu mowa amamwa. Imwe mwayamba kuudya."

Kenako anayamba kuseka. Anaseka atagwira tebulo, anaseka mpaka anakhala pansi pasimenti, akupukuta maso ndi chitenje. Sindikudziwa pamene kusekako kunathera, china n'kuyamba. Ine ndinayang'ana panja pazenera kufikira atamaliza.

Atafotokozeredwa, Towela anati, "Adada, beer ya mu recipe ni ya m'botolo. Lager."

"Amayi ako sananene."

"Sananene chifukwa aliyense adziwa."

"Ine ndinali ndisanakhale aliyense."

A Belita anadzuka. Anatenga foloko, n'kukumba m'phalamo mpaka anavuula soseji imodzi. Anaipalapala ndi mpeni, anainunkhiza, anaiyang'ana uku ndi uku ngati akugula nkhuku. Ine ndinaima chilili. Kupita kapena kukhala kwanga kunali pafoloko imeneyo.

Analuma. Anatafuna nthawi yaitali.

"Yapsa," anatero. Analumanso. "Mchele ulimo. Kuwawasa kulimonso, koma nadyapo zoipa kuposa izi pa maukwati."

Anatola foni.

"Towela, room ija ugonekemo alendo ena."

"Anti, mwatsimikiza?"

"Munthu amene watopa na moyo saphika zopusa za mtundu uwu. Awa anasesa, anasita malaya, anayenda msika wonse atanyowa kumbuyo chifukwa cha soseji. Asiye. Ndiponso ukawatenga angakuphikile ana ako izi."

"Zikomo, alamu," ndinatero.

"Musathokoze msanga. Mawa pa Sondo mupite kutchalitchi na mphika wanuyu, mukafotokoze nokha. Amayi a kumsika anayamba kale kukupemphelelani, ndipo ena asala kudya."

Phunziro langa ndi ili: kwa munthu wosamwa mowa wonse ndi mowa, koma mphika umadziwa kusiyanitsa.

Tinavuula zotsalazo, n'kuzitsuka ndi madzi otentha, n'kudya ndi buledi. A Belita anadya ziwiri. Phalalo ndinapatsa aneba kuti akathirire nkhumba zawo, ndipo akuti zinagona masana onse osalira.

Soseji imodzi inatsala. Ndinaiika m'mbale ya maluwa abuluu imene ankadyeramo mai a Towela, n'kuivundikira.